Carl Friedrich Gauss ndi Chinsinsi cha Mafulakishoni

Mwana wasukulu akauzidwa kuti asandutse 1/8 kukhala desimali, amagaŵa 1 ndi 8, napeza 0.125, ntchito n'kuthera pomwepo. Koma akapatsidwa 1/7 amagaŵa mpaka tsamba kudzaza, samu osatha ai. Ana ambiri amayesa kuti alakwitsa penapake, ndipo kaŵirikaŵiri mphunzitsi amangowauza kuti alekeze pa malo aŵiri kapena atatu, osawauza chifukwa chake. Chifukwacho chilipo, ndipo chagona m'nambala zija mabuku a masamu amazitcha prime, zimene m'nkhani ino tizitcha nambala zosagaŵika. Munthu amene adayala nkhani imeneyi mwadongosolo ndiye Carl Friedrich Gauss wa ku Germany. Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi muyenera kuidziŵa mbiri yake, chifukwa masamu ake amafika m'kalasi mwanu, ndiponso chifukwa mwana ameneyu akadathera pa ntchito ya atate ake pakadapanda aphunzitsi aŵiri a pasukulu ya ana osauka.

Kubadwa ndi ubwana wake

Gauss adabadwa pa 30 Epulo 1777 mu mzinda wa Braunschweig. Atate ake, a Gebhard Dietrich Gauss, ankagwira ntchito zamanja zosiyanasiyana, monga kulima m'madimba ndi kumanga nyumba za njerwa. Adali munthu woona mtima koma waukali, ndipo sankaona phindu loti mwana wa m'banja losauka azitaya nthaŵi ndi mabuku. Amai ake, a Dorothea, sankatha kulemba, koma ndiwo adayamba kuzindikira kuti mwana wao ali ndi nzeru zachilendo. Nawonso amalume ake, amene adali mmisiri woomba nsalu, ankakonda kucheza naye ndi kumunola maganizo.

Ali ndi zaka 7 adayamba sukulu ya St. Katharine, kumene mphunzitsi mmodzi, Bambo Büttner, ankaphunzitsa ana pafupifupi 100 m'chipinda chimodzi. Nkhani imene imasimbidwa kwambiri ya masiku amenewo ndi yakuti tsiku lina Bambo Büttner adapatsa ana samu yaitali yophatikiza, imene osimba amati idali nambala zonse kuyambira 1 mpaka 100. Anzake akali kulemba mizere yoyamba, Gauss adapereka sileti lake lili ndi nambala imodzi yokha, 5050. Iye adaona kuti 1 ndi 100 zimapanga 101, 2 ndi 99 zimapanganso 101, ndipo magulu otere alipo 50. Bambo Büttner sadamuyese wamwano mwanayo. Adatulutsa ndalama za m'thumba mwao namuitanitsira buku la masamu kuchokera ku Hamburg.

Pasukulupo padali mnyamata wothandiza mphunzitsi, dzina lake Martin Bartels, amene adali wamkulu kwa Gauss ndi zaka 8 zokha. Ntchito yake idali kusongola nthenga zolembera ndi kuthandiza ana kulemba bwino zilembo. Bartels ankakonda masamu, choncho aŵiriwo adayamba kuŵerengera limodzi mabuku ovuta. Bambo Büttner ndi Bartels ndiwo adadandaulira atate ake a Gauss kuti alole mwanayo kupitiriza maphunziro, ndipo mu 1788 adaloŵa sukulu ya sekondale. Kupyolera mwa Bartels mbiri ya mnyamatayo idafika kwa anthu ophunzira a mu mzindawo, ndipo mu 1791 adakamuonetsa kwa mfumu ya dera la Braunschweig, Carl Wilhelm Ferdinand. Mfumuyo idavomera kumulipirira maphunziro, ndipo idamusamala kwa zaka 15.

Mnyamata wokonda kuŵerengetsa

Mu 1792 Gauss adaloŵa koleji ya Collegium Carolinum mu mzinda womwewo. Kumeneko ndiko adayamba chizoloŵezi chimene adakhala nacho moyo wake wonse, chogwira masamu ambirimbiri ndi dzanja lake, kuyala mayankho m'mizere, ndi kuwayang'anitsitsa mpaka lamulo lobisika litaonekera.

Zoyamba kumukopa zidali nambala zosagaŵika. Izi ndi nambala zoposa 1 zimene palibe nambala ina yoloŵamo popanda chotsala, kupatula 1 ndi mwini wake: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17 ndi zina zotero. Nambala ina iliyonse yoposa 1 imapangidwa pochulukitsa zimenezi, monga momwe khoma limapangidwira ndi njerwa. Mwachitsanzo, 60 ndi 2 × 2 × 3 × 5. Zaka pafupifupi 300 Khristu asanabadwe, Euclid wa ku Alexandria adatsimikiza kale kuti nambala zosagaŵika zilibe malekezero. Gauss, ali ndi zaka 15 kapena 16, adayamba kuziŵerenga m'magulu a 1000. Pakati pa 1 ndi 1000 zilipo 168, pakati pa 1000 ndi 2000 zilipo 135, pakati pa 2000 ndi 3000 zilipo 127. Poona mmene zikucheperachepera adalosera lamulo la kachepedwe kake, ndipo lamulolo lidadzatsimikizidwa mu 1896 ndi Jacques Hadamard ndi Charles de la Vallée Poussin, iye atamwalira kale.

Ntchito ina ya unyamata wake ndiyo ikutikhudza kwambiri ife aphunzitsi. Gauss adakhala pansi nasandutsa mafulakishoni kukhala madesimali, kutenga nambala zosagaŵika zosafika 1000 ngati nambala za pansi. Ena mwa mafulakishoni ameneŵa amatenga malo mazanamazana asanayambe kubwereza, ndipo zonsezo adazigaŵa ndi cholembera. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kumeneku ndiko kudamuonetsa kuti khalidwe la fulakishoni limalamulidwa ndi nambala zosagaŵika zimene zili m'kati mwa nambala yake ya pansi.

Ku Göttingen ndi buku la 1801

Mu 1795 adapita ku yunivesite ya Göttingen, mtima uli paŵiri, chifukwa ankakondanso zinenero zamakedzana. Chimene chidathetsa kukayikako chidachitika pa 30 Malichi 1796. Tsiku limenelo adapeza kuti n'kotheka kugaŵa mzere wozungulira m'zigawo 17 zofanana pogwiritsa ntchito kampasi ndi rula yopanda manambala. Agiriki ankadziŵa kugaŵa m'zigawo 3 ndi 5, ndipo kwa zaka pafupifupi 2000 padalibe amene adapeza nambala ina yosagaŵika yoonjezera pamenepo. Kuyambira tsiku limenelo Gauss adasankha masamu, nayamba kulemba zimene wapeza m'kabuku kake ka tsiku ndi tsiku.

Mu 1799 adalandira digiri ya udokotala ku yunivesite ya Helmstedt. Mu 1801, ali ndi zaka 24, adatulutsa ku Leipzig buku lake lalikulu la m'Chilatini lotchedwa Disquisitiones Arithmeticae, ndipo ndalama zosindikizira idapereka ndi mfumu ija. Bukuli lili ndi zigawo 7. Ena monga John Wallis ndi Johann Heinrich Lambert adali ataonako kale zina za madesimali obwerezabwereza, ndipo Pierre de Fermat ndi Leonhard Euler adali atapeza malamulo ofunika a nambala zosagaŵika. Chimene Gauss adachita ndicho kusonkhanitsa zonsezo, kuzimanga pa maziko amodzi, ndi kupereka umboni wa mfundo iliyonse.

Zimene bukuli likutiphunzitsa za mafulakishoni

M'chigawo chachiŵiri Gauss adatsimikiza kuti nambala iliyonse imaphwanyika kukhala nambala zosagaŵika m'njira imodzi yokha. Mwana wina angayambe kuphwanya 60 ndi 6 × 10, wina ndi 4 × 15, koma onse adzathera pa 2, 2, 3 ndi 5. Anthu ankagwiritsa ntchito mfundoyi kuyambira kale ngati chinthu chodziŵikiratu, koma Gauss adaona kuti iyenera kunenedwa poyera ndi kutsimikizidwa, chifukwa masamu ena ambiri atsamira pa iyo.

Kuchepetsa fulakishoni kwatsamira pamenepa. Tengani 84/126. Pamwamba pali 2 × 2 × 3 × 7, pansi pali 2 × 3 × 3 × 7. Tikafafaniza zimene zikupezeka pamwamba ndi pansi pomwe, patsala 2/3. Popeza kuphwanya kuli ndi njira imodzi yokha, ana onse a m'kalasi adzafika pa 2/3, kaya wina adayamba kugaŵa ndi 2, wina ndi 7, wina ndi 42. Kuphatikiza nako kumayenda chimodzimodzi. Pophatikiza 1/12 ndi 1/18 timaona kuti 12 ndi 2 × 2 × 3, ndipo 18 ndi 2 × 3 × 3. Nambala yaing'ono kwambiri yokhala ndi zonsezi ndi 2 × 2 × 3 × 3, ndiye 36, ndipo 3/36 ndi 2/36 zipanga 5/36.

Nambala zonse zimene zingalembedwe ngati fulakishoni zimatchedwa rational. Iliyonse ya izo yoposa ziro ndi nambala zosagaŵika zina zokhala pamwamba ndi zina zokhala pansi, ndipo ikachepetsedwa palibe imodzi yokhala uku ndi uku. Mfundo imeneyi imationetsanso kuti pali nambala zina zimene sizingalembedwe ngati fulakishoni. Tiyerekeze kuti pali fulakishoni imene ikachulukitsidwa ndi mwini wake imapereka 2. Ndiye kuti nambala ya pamwamba kuichulukitsa ndi mwini wake ifanana ndi 2 kuchulukitsa ya pansi kuchulukitsanso ya pansi. Kumbali yoyamba ma 2 onse ali aŵiriaŵiri, pamene kumbali yachiŵiri pali 2 mmodzi wopanda mnzake. Nambala imodzi singaphwanyike m'njira ziŵiri zosiyana, choncho fulakishoni yoteroyo kulibe. Agiriki adazindikira zimenezi kalekale, koma umboni wake umafupika tikadzera njira ya nambala zosagaŵika.

Tsopano tibwere ku madesimali, amene Gauss adawafotokoza m'chigawo chachisanu ndi chimodzi. Desimali yokhala ndi malekezero ndi fulakishoni imene pansi pake pali 10, 100, 1000 ndi zina zotero, ndipo m'kati mwa nambala zimenezi muli ma 2 ndi ma 5 okhaokha. Choncho fulakishoni yochepetsedwa imatha pokhapokha ngati pansi pake palibe nambala ina yosagaŵika koma 2 ndi 5. Nchifukwa chake 3/8 ndi 0.375 ndipo 7/40 ndi 0.175. Pansi pakangoloŵa 3, 7, 11 kapena ina yotere, desimaliyo siitha. Pakakhala zosakaniza, monga 12 amene ali 2 × 2 × 3, desimali imayamba ndi manambala osabwereza kenaka n'kuyamba kubwereza: 1/12 ndi 0.08333 mpaka kalekale.

Nanga kubwerezako kumachokera kuti? Gauss ankayang'ana zotsala. Pogaŵa 1 ndi 7, zotsala zimabwera motere: 3, 2, 6, 4, 5, 1. Chotsala sichingakhale ziro ndipo sichingafike 7, choncho zotsala zothekera zilipo 6 zokha. Chotsala chikabweranso kachiŵiri, ntchito yonse imayambiranso. Nchifukwa chake 1/7 ndi 0.142857, manambala 6 ameneŵa akumabwerezedwa. Nayonso 2/7 ndi 0.285714, 3/7 ndi 0.428571: manambala ndi omwewo, ndondomeko ndi yomweyo, kusiyana kwake ndi poyambira pokha, ngati anthu ovina mozungulira bwalo.

Si nambala yosagaŵika iliyonse imene imayendera zotsala zake zonse. Pa 13 zotsala zothekera zilipo 12, koma 1/13, imene ili 0.076923, imayendera 6 zokha: 10, 9, 12, 3, 4, 1. Zotsala 6 zinazo zimapezeka mu 2/13, imene ili 0.153846. Zotsala zimagaŵika m'magulu ofanana kukula, ndipo apa ndi pamene pachokera lamulo lakuti utali wa kubwereza umaloŵa popanda chotsala m'nambala yochepa ndi 1 kwa nambala yosagaŵikayo. Pa 11 utali ndi 2, ndipo 2 amaloŵa mu 10. Pa 37 utali ndi 3, ndipo 3 amaloŵa mu 36. Pa 41 utali ndi 5, ndipo 5 amaloŵa mu 40. Zimene zimayendera zotsala zonse monga 7 zilipo 9 pansi pa 100: 7, 17, 19, 23, 29, 47, 59, 61 ndi 97. Funso lakuti kodi zoterezi zilibe malekezero lidakali lopanda umboni mpaka lero, ngakhale Emil Artin adalosera mu 1927 kuti zilibedi malekezero.

Gauss adasonyezanso kuti fulakishoni ya pansi povuta ingathe kugaŵidwa kukhala mafulakishoni a pansi posavuta. Popeza 21 ndi 3 × 7, 1/21 ndi chimodzimodzi 1/3 kuchotsapo 2/7. Tikachotsa 0.285714 mu 0.333333 tipeza 0.047619, imene ilidi desimali ya 1/21. Ichi ndicho chifukwa chake mndandanda wake udangofuna nambala zosagaŵika ndi zimene zimapangidwa pochulukitsa nambala yosagaŵika imodzi ndi mwini wake, monga 9 ndi 49. Zina zonse zimatuluka m'menemo.

Kutchuka ndi masautso

Chaka chomwecho cha 1801 dzina la Gauss lidamveka m'Ulaya monse pa chifukwa china. Pa 1 Januwale Giuseppe Piazzi wa ku Palermo adaona kadziko kakang'ono kozungulira dzuŵa, kamene kadatchedwa Ceres, koma patapita milungu ingapo kadabisika m'kuŵala kwa dzuŵa. Gauss adaŵerengetsa njira yake kuchokera pa miyeso yochepa ya Piazzi, ndipo kumapeto kwa chakacho akatswiri adakapezanso pafupi ndi pamene iye adaloza.

Mu 1805 adakwatira Johanna Osthoff. Chaka chotsatira mfumu imene idamulera idavulazidwa pa nkhondo ya ku Auerstedt yolimbana ndi asilikali a Napoleon, ndipo idamwalira ndi mabalawo. Mu 1807 Gauss adasamukira ku Göttingen kukakhala mkulu wa nyumba yoonera nyenyezi, ndipo adakhala pa udindowo mpaka imfa yake. Mu 1809 Johanna adamwalira atangobereka mwana wachitatu, ndipo mwanayo adatsatira amake patapita miyezi yochepa. Mu 1810 Gauss adakwatira Minna Waldeck, amene adabereka naye ana ena atatu. Minna adadwala zaka zambiri namwalira mu 1831. Ana ake aamuna aŵiri, Eugen ndi Wilhelm, adasamukira ku America, ndipo kusamvana kwake ndi Eugen kudamuŵaŵa mtima kwa nthaŵi yaitali. Amai ake adawatenga kukhala nawo m'nyumba mwake kuyambira 1817 mpaka pamene adamwalira mu 1839, atapitirira zaka 90.

M'kati mwa masautso ameneŵa ntchito sidaime. Adayeza malo a ufumu wa Hanover kwa zaka zambiri, ndipo mu 1833 iye ndi Wilhelm Weber adamanga waya wotumizira mauthenga ndi magetsi mu mzinda wa Göttingen. Atapitirira zaka 60 adayamba kuphunzira Chirasha mpaka kumaŵerenga mabuku ake. Ankalemberana makalata ndi Sophie Germain wa ku France, amene poyamba ankabisala m'dzina lachimuna poopa kunyozedwa, ndipo atadziŵa mu 1807 kuti ndi munthu wamkazi, ulemu wake kwa iye udakula.

Gauss sankaikonda ntchito yophunzitsa, ndipo zambiri zimene adapeza sadazisindikize, chifukwa sankafuna kutulutsa chinthu chimene sichidapse bwino. Ngakhale zidali choncho, m'manja mwake mudadutsa Bernhard Riemann ndi Richard Dedekind. Dedekind ndiye adadzalongosola mu 1872 za nambala zija zosalembeka ngati fulakishoni, poyambira pa mafulakishoni omwewo. Gauss adamwalira ku Göttingen pa 23 Febuluwale 1855, akusamalidwa ndi mwana wake wamkazi, Therese. Pa chipilala chomukumbukira ku Braunschweig adajambulapo nyenyezi ya nsonga 17.

Zoti titengere m'kalasi

Gauss adayamba ndi kugaŵa, lamulo n'kubwera pambuyo. Ana athu nawonso angayende njira yomweyo. Poyamba apatseni nyemba kapena miyala kuti ayale m'mizere yofanana. Nyemba 12 ziyalika m'mizere 3 ya 4 kapena mizere 2 ya 6, koma nyemba 13 zingoyalika mzere umodzi. Mwana amene waziona zimenezi ndi maso ake safunikanso kuloŵeza tanthauzo la nambala yosagaŵika.

Kenaka gaŵani kalasi m'magulu, ndipo gulu lililonse ligaŵe 1 ndi nambala zingapo za pakati pa 2 ndi 20. Pabolodi lembani mizere iŵiri, wa zimene zatha ndi wa zimene sizikutha. Mu mzere woyamba mudzaloŵa 2, 4, 5, 8, 10, 16 ndi 20. Musafulumire kunena lamulo. Afunseni anawo kuti aphwanye nambala zimenezi, ndipo adzaona okha ma 2 ndi ma 5. Akaganiza kuti amaliza, apatseni 3/6, 9/15 ndi 21/28, zimene zimatha ngakhale pansi pake pali 3 kapena 7. Pamenepo adzazindikira kufunika kochepetsa fulakishoni asanaiweruze. Pogaŵa 1 ndi 7 kapena 13, azilemba zotsala pambali ndi kuika chizindikiro pamene chotsala chabweranso.

Mbiri ya ndalama zathu ingakuthandizeninso. Dziko la Malaŵi lisanayambe kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala mu 1971, shilingi imodzi idali mapeni 12, ndipo anthu atatu ankagaŵana mapeni 4 aliyense popanda chotsala, chifukwa mu 12 muli 3. Kwacha ili ndi matambala 100, ndipo 100 ndi 2 × 2 × 5 × 5. Anthu 4 kapena 5 angaigaŵane bwinobwino, koma anthu atatu adzatsala ndi tambala imodzi nthaŵi zonse.

Chomaliza chikukhudza inu eni. Martin Bartels adali asanakwane zaka 20, ndipo padalibe amene ankamuŵerengera pasukulu paja, pamene adakhala pansi kuŵerenga buku limodzi ndi mwana wa mmisiri wa njerwa. Pambuyo pake adadzakhala mphunzitsi wamkulu wa masamu ku yunivesite ya Kazan ku Russia, kumene adaphunzitsa Nikolai Lobachevsky. M'mera mpoyamba. Mukapita kokayeserera ntchito, m'kalasi ya ana 100, mudzakumana ndi mwana womaliza samu msanga m'njira imene simudamuphunzitse. Mufunseni kuti wadzera pati, mumpatse samu ina yomuyenera, ndipo ngati makolo ake akufuna kumuletsa sukulu, pitani mukalankhule nawo.